Abale a ku UK, musanachotse moto wa gasi n'kuika chitofu cha nkhuni werengani izi

Chikwerereni mabilu a gasi mu 2022 ambiri mwayamba kuchotsa moto wa gasi pabalaza n'kuika chitofu cha nkhuni. Sindikukuletsani ayi. Chikundisowetsa mtendere ndi zomwe ndikumamva, zoti nkhuni sizipha, kwathu tinakula tikuwotha moto, mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide ndi wa gasi basi. Limenelo ndi bodza abale anga.

Nkhuni, makala, gasi, chilichonse chikamayaka pomwe mpweya ndi wochepa chimatulutsa carbon monoxide, sanunkha ndipo saoneka, akalowa m'magazi amalanda malo a oxygen. Kumudzi khitchini imakhala panja, utsi umatulukira kudenga, koma kuno nyumba ndi zomata paliponse mawindo a double glazing, ndiye mpweya woipawo upita kuti? Mukuupuma ndinu ndi ana muli mtulo.

Paipi ya gasi asatseke mnzanu poti amadziwa tizintchito, itanani katswiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa ovomerezeka kugwira ntchito za gasi. Chumuni chomwe chinkagwira ndi gasi musangoti chikwana, katswiri achione kaye, nthawi zambiri chimafuna liner ina (paipi yodutsa utsi m'kati mwa chumuni). Chitofu aike katswiri wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza oika zitofu za nkhuni, apo ayi dziwitsani a Building Control ku khonsolo, ngati mukuchita lendi yambani mwafunsa landilodi. Alamu ya carbon monoxide ku England ndi lamulo mukaika chitofu chatsopano. Nkhuni zikhale zouma zolembedwa Ready to Burn, chinyezi chosaposa 20%, osati matabwa openta otola panja. Chumuni achisese mwaye ngakhale kamodzi pachaka, ndipo kabowo kolowetsa mpweya m'chipindamo musakatseke ndi nsanza poti kukuzizira.

Ndibwerezenso, musadikire kumva fungo la utsi, carbon monoxide alibe fungo. Mutu ukamawawa, chizungulire, nseru, thupi kufooka, makamaka nonse m'nyumba nthawi imodzi ndipo mukatuluka panja mukupezako bwino, musati ndi chimfine n'kumwa panado n'kukagona. Anthu amafera kutulo komweko. Tsegulani zitseko ndi mawindo, tulukani nonse pompo, imbani 111. Wina akakomoka, akusokonezeka mutu kapena akubanika imbani 999. Chitofucho musachiyatsenso mpaka katswiri atachiona.

Ndipo mbaula ya braai chonde isalowe m'nyumba, ngakhale makala akuoneka ngati azima.