Galu wapakhomo adziwiretu kuti kukubwera khanda

Mayi akakhala woyembekezera, pakhomo pamayamba kuoneka zitenje zatsopano, beseni ndi matewera, masiku a sikelo nawo saiwalika. Galu yekha ndiye saganiziridwa. Ife a zaumoyo wa ziweto amatipeza mochedwa, mayi atachira kale, funso lili loti galuyo amupereke kwa anthu kapena amumangirire kuseri mpaka mwana akule. Nthawi zambiri galu amakhala alibe mlandu. Chimene chamusokoneza n'chakuti pogona pake, nthawi yodyera ndi munthu amene ankamusamala zasintha zonse tsiku limodzi, tsiku lomwelo limene m'nyumba mwalowa kanthu kolira usiku wonse. Zosintha zimenezi ziyambe mimba ikadali ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kuti khanda likamafika, galu akhale atazolowera kale.

Choyamba ndi katemera wa chiwewe. Galu amabayidwa akakwana miyezi itatu, kenako chaka chilichonse, ndipo ngati ndi koyamba, thupi lake limatenga masabata atatu kapena anayi kuti litetezeke. Kumubaya sabata yopita kuchidikiro ndi kuchedwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15, ndipo matendawa akangoonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu kwaulere kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, m'maboma ena funsani ku ofesi ya zaulimi kapena kwa alangizi a ziweto. Chikalata cha katemera muchisunge pamodzi ndi buku lakuchipatala.

Njoka zam'mimba anthu amazipeputsa chifukwa sizioneka. Mazira ake amatuluka ndi ndowe za galu, koma satha kupatsira matenda tsiku lomwelo, amayamba akhwima m'dothi kwa masabata awiri kapena anayi, ndipo akakhwima amakhala momwemo miyezi yambirimbiri. N'chifukwa chake kuwola ndowe tsiku lililonse n'kukwirira kutali kumathandiza kwambiri kuposa kusesa kamodzi pamwezi. Dothi limene galu akuipitsa lero ndi lomwelo limene mwana adzakwawepo n'kuika m'kamwa chaka chamawa. Galu wamkulu amwe mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse. Za utitiri ndi nkhupakupa, dibi achite abambo kapena wina, osati mayi wapakati, ndipo botolo la mankhwalawo likhale pamwamba.

Ntchito yaikulu ili pa makhalidwe, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa ulesi. Khalani pansi mugwirizane kuti mwana akadzabadwa, galu azidzaloledwa pati. Ngati amagona pakhonde pamene amayi azidzayala mphasa, musamutseni lero, mumupatse malo ena amthunzi, pali thumba logonera ndi madzi. Ngati amene amamupatsa chakudya ndi amayi, abambo kapena mwana wamkulu ayambe kumupatsa, chifukwa mayi wochoka kumene kuchipatala sadzakhala ndi mpata wothamangitsana ndi mbale ya galu. Chimene sindigwirizana nacho ndi kutenga galu amene wakula akuyendayenda n'kumuika pa unyolo usana ndi usiku. Galu womangidwa alibe kothawira, ndipo galu wopanda kothawira ndi amene amaluma. Khola lotakasuka kapena kampanda, limene wazolowetsedwa pang'onopang'ono, liposa unyolo.

Pali zinthu ziwiri zoti aphunzire: kusadumphira munthu, ndi kupita pamalo pake akauzidwa. Sizovutanso. Tengani usipa pang'ono m'dzanja, nenani mawu amodzi omwewo, kaya "pita", muponyere kausipa pathumba lake. Akafika n'kukhala, muonjezereni kena. Mphindi zisanu m'mawa, zisanu madzulo, masabata angapo. Akadumpha, musamukankhe ndi manja, kwa iye amenewo ndi masewera. Tembenukani, mumulandire miyendo yonse inayi ikakhala pansi. Akagwira zimenezi, kulungani pilo m'chitenje, munyamule ngati khanda kapena mubereke kumbuyo, muziyenda naye pabwalo. Aneba adzakusekani, asiyeni aseke. Mudzaona nokha ngati galu wanu amalumphira timiyendo tolendewera kumbuyo, ndipo kuli bwino muzionere pa pilo.

Mayi akachira, wina abweretse kunyumba kansalu kamene khanda linafundako, galu akanunkhize modekha. Pofika pakhomo, khanda alinyamule agogo kapena abambo, amayi ayambe apatsana moni ndi galu amene wawasowa masiku angapo. Kuonana ndi khanda sikofulumira. Galu akhale pa chingwe, aone ali chapatali, akakhala phee apatsidwe kausipa. Musamusunthire khanda kumphuno kuti "adziwane". M'masiku a chikuta ndi pambuyo pake, alendo odzaona mwana amachuluka, geti likungotseguka, ana a eni akuthamanga. Galu wolondera zimenezi zimamutopetsa, choncho nthawi ya alendo akhale kumalo kwake ali ndi chotafuna.

Lamulo limene silisintha ndi lakuti khanda ndi galu asatsale awiriwiri, ngakhale kwa kanthawi kopita kukaphula ndiwo. Agogo amakonda kunena kuti, "Galu ameneyu takhala naye zaka, sanalumepo munthu." Ndi zoona agogo, koma sanakhalepo ndi khanda. Kulira kwa khanda, kakulidwe kake ndi mmene limaphiriphithira sizifanana ndi munthu amene galu amamudziwa, ndipo agalu ena zimawadzutsira mtima wosaka. Ana aang'ono ambiri olumidwa amalumidwa ndi galu amene amamudziwa, pakhomo pomwepo, kawirikawiri kumaso ndi kumutu chifukwa ndi pamene pali pafupi ndi kamwa ya galu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri si woyang'anira.

Nthawi zambiri galu saluma asanachenjeze, kungoti machenjezo ake oyamba timawaphonya. Amayasamula alibe tulo, amanyambita mphuno, amatembenuzira mutu kumbali diso likuoneka koyera, makutu agonera kumbuyo, kenako thupi limauma gwa. Kulira kwa pakhosi ndi kuonetsa mano zimabwera kumapeto. Mukamumenya chifukwa chochenjeza, simunachotse mantha ake, mwangomuphunzitsa kuti ulendo wina asachenjeze. Zili ngati kuchotsa belu panjinga poganiza kuti ngozi zitha. Mukaona zizindikirozi, chotsani mwana mwakachetechete, mutumize galu pamalo pake.

Nthawi yovuta kwenikweni si mwezi woyamba ayi, ndi pamene mwana wayamba kukwawa, cha m'miyezi isanu ndi iwiri kupita mtsogolo. Tsopano ndi mwana amene akutsatira galu, kumukoka mchira, kugwira m'mbale ya mkute. Galu azidyera kotseka, ndipo akagona asamusokoneze. Ndowe za mwana musamuitanire galu kuti adye monga amachitira ena, zipite kuchimbudzi. Matewera otaya aja mukaponya kudzala losatseka, galu amakawafukula, ndipo zam'kati mwake zimafufuma m'matumbo mpaka kutseka njira.

Zikachitika kuti galu waluma, wakanda kapena wanyambita mwana pachilonda, m'maso kapena pakamwa, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 (m'maso madzi okha), kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chikalata cha katemera chili m'manja. Galuyo musamuphe, mutsekereni kuti a zaziweto amuyang'anire kwa masiku 10. Koma galu amene analumapo kale mwana, kapena amene amauma thupi n'kuyang'anitsitsa khanda likamalira, ameneyo usipa sungamukonze. Tiitaneni tidzamuone mimba isanafike kumapeto, ndipo ngati n'koyenera, timupezere khomo lopanda ana.