Sola imafuna kuwala, osati kutentha

Kuno ku Dedza anthu ambiri amati sola imafooka mu Juni ndi Julaye chifukwa kumazizira. Ayi ndithu. Chimene chimapanga magetsi si kutentha kwa dzuwa koma kuwala kwake.

Kuwala kumabwera m'tizigawo ting'onoting'ono totchedwa mafotoni, monga anafotokozera wasayansi Albert Einstein mu 1905. Fotoni ikamenya silikoni, chinthu chimene amapangira m'kati mwa sola, imasuntha elekitironi (kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi) pamalo pake, magetsi n'kuyamba kuyenda m'waya. Chodabwitsa n'chakuti sola ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsikako.

Ndiye batire likamachedwa kudzadza nyengo yozizira, yang'anani chifunga chotsika m'phiri la Dedza, masiku ofupika, komanso fumbi lija simunapukute pagalasi.