Chiyambi cha Magulu a Mapemphero ndi Ntchito Zachifundo Otsogoleredwa ndi Ophunzira m'Sukulu za Katolika

Chaka cha 2025 chinali ndi zikumbutso ziwiri zokhudza sukulu za Katolika, ngakhale kuti ndi anthu ochepa amene anazitchulira pamodzi. Panali patapita zaka 60 kuchokera pamene Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha maphunziro achikhristu, Gravissimum Educationis, pa 28 Okutobala 1965, komanso zaka 100 kuchokera pamene Papa Pius XI anavomereza gulu la achinyamata apantchito limene anayambitsa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn. Achinyamata anayamikiridwa kwambiri pa zikumbutsozi, koma m'sukulu za sekondale zenizenizo muli mkangano umene sunathe. Ophunzira ndi amene amatsogolera mapemphero a m'mawa ndi kolona, amakonza mbindikiro wa anzawo, amayendera odwala ndi okalamba, ndipo m'sukulu zina aliyense amayenera kukwanitsa maola oikidwiratu a ntchito zachifundo asanamalize maphunziro ake. Aphunzitsi ndi ansembe ena amati m'mera mpoyamba, ndipo popanda lamulo ana ambiri sangasunthe n'komwe. Ena amayankha kuti lonjezo limene munthu wachita kulemberedwa silikhala lake, ndipo utsogoleri umene umathera pa kuwerenga pemphero lolembedwa ndi akuluakulu a sukulu ndi wa dzina chabe. Mbali zonse ziwiri zili ndi poyambira pake m'mbiri ya Mpingo.

Olemba mbiri ambiri amayambira mu 1563 ku Rome, kumene Jan Leunis, mphunzitsi wa chipani cha Ajezuwiti pa sukulu ya Roman College, anasonkhanitsa ophunzira ake ochepa n'kupanga kagulu kodzipereka kwa Amayi Maria. Mamembala ankalonjeza kumva Misa tsiku lililonse, kulapa sabata iliyonse, kulandira Ukaristia mwezi uliwonse ndiponso kutumikira osauka ndi odwala. Chomwe chinali chachilendo n'chakuti anyamatawo ankasankha mtsogoleri pakati pawo, ngakhale kuti wansembe anali pamwamba monga mlangizi. Papa Gregory XIII anavomereza kaguluka mu 1584, ndipo timagulu totere tinafalikira kulikonse kumene Ajezuwiti anali ndi sukulu. Chipani chawo chitathetsedwa mu 1773, magulu ambiri anapita m'manja mwa ansembe a m'maparishi, ndipo m'kupita kwa nthawi anachuluka koma ambiri anatsala ndi mapemphero okha, wansembe ndiye ankaganiza zonse.

M'zaka za m'ma 1800 munachitika zinthu ziwiri zimene sukulu zambiri zimazitchulabe. Mu 1833 ku Paris, Frédéric Ozanam, wophunzira wa pa yunivesite wa zaka 20, atatonzedwa ndi anzake osakhulupirira kuti awonetse zimene Mpingo ukuchitira osauka, anayambitsa ndi anzake ochepa gulu limene linadzakhala bungwe la Vincent de Paul Woyera, ndipo amene anawaphunzitsa kalowedwe ka m'nyumba za amphawi anali Sisiteri Rosalie Rendu. Mu 1856 ku Turin, pa sukulu ya wansembe Don Bosco, Dominic Savio ndi anzake anapanga kagulu ka Amayi Maria Osaipa, kamene mamembala ake ankagawana ana ovuta ndi obwera kumene kuti aliyense akhale ndi womuyang'anira. Savio anamwalira mu Marichi 1857 ali ndi zaka 14. Zambiri zimene zimadziwika za iye zinachokera kwa Don Bosco mwiniwake, yemwe analemba moyo wa mnyamatayu ndi cholinga choti ana ena atengere chitsanzo, choncho zolembazo sizisiyanitsa bwino zimene zinachokera mwa Savio ndi zimene zinachokera mwa anzake okulirapo monga Michael Rua. Komabe palibe wotsutsa kuti ntchitoyo inkagwiridwa ndi ophunzira pakati pa ophunzira anzawo.

Chiyambi cha magulu a masiku ano chili pafupi kwambiri ndi sukulu ina ya sekondale ya Katolika ku Paris, Collège Stanislas. Cha m'ma 1894, Marc Sangnier ndi anzake analoledwa kumakumana m'chipinda china cha pansi pa sukuluyo kuti azikambirana okha za chikhulupiriro ndi mavuto a anthu apantchito. M'zokambiranazi munabadwa gulu la Le Sillon, limene linafalikira m'dziko lonse la France ndi timagulu tophunzirira pamodzi totsogoleredwa ndi achinyamata eni ake. Pa 25 Ogasiti 1910 Papa Pius X analidzudzula m'kalata yake, ponena kuti linasakaniza chikhulupiriro ndi ndale za demokalase komanso kuti linazemba ulamuliro wa maepiskopi, ndipo analamula kuti timagulu take tikhale pansi pa episkopi wa dayosizi iliyonse. Sangnier anamvera, gululo n'kutha. Aliyense amene ankafuna kuyambitsa gulu lotsogoleredwa ndi achinyamata pambuyo pa chaka chimenecho ankadziwa zimene zinachitikira Le Sillon.

Joseph Cardijn ankazidziwa bwino, chifukwa anali ataona ntchito ya gululo ndipo ankaisirira. Anabadwa mu 1882 m'banja la anthu wamba, n'kukulira m'tauni ya Halle. Iye mwini ankasimba kuti atalowa seminale, anzake amene anaphunzira nawo ali ana, omwe tsopano anali m'mafakitale, anayamba kumuona ngati munthu wopita ku mbali ya mabwana, ndipo pa imfa ya bambo ake mu 1903 analonjeza kupereka unsembe wake kwa anthu apantchito. Anadzozedwa mu 1906, ndipo mu 1912 anatumizidwa ku parishi ya Laeken mu mzinda wa Brussels, kumene anayamba ndi atsikana ogwira ntchito yosoka. M'malo mowalalikira, ankawatuma kukafufuza: kodi anzawo amalandira ndalama zingati, amagwira ntchito maola angati, amayenda bwanji popita ku ntchito, ndipo ndani amawazunza? Pa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse Ajeremani anamutsekera m'ndende, ndipo atatuluka, mu 1919, anayamba gulu la anyamata pamodzi ndi Fernand Tonnet, Paul Garcet ndi Jacques Meert. Gululi linatenga dzina la Jeunesse Ouvrière Chrétienne, mwachidule JOC, mu 1924.

Amene anamutsutsa kwambiri anali Akatolika anzake. Ku Belgium kunali kale bungwe limodzi la achinyamata onse achikatolika, lotsogoleredwa ndi wansembe Louis Picard, ndipo a m'bungweli ankati kupatula achinyamata apantchito n'kugawa Thupi la Khristu potengera chuma, komanso kulowetsa maganizo a kulimbana kwa olemera ndi osauka mu Mpingo. Nkhawa yawo sinali yopanda pake, chifukwa pa nthawiyo mikangano ya apantchito ndi eni mafakitale inali itagawa mabanja ndi maparishi. Kadinala Mercier wa ku Mechelen ankamukonda Cardijn koma sanafune kugamula yekha, motero nkhani inakafika ku Rome, kumene Cardijn anaonana ndi Pius XI kumayambiriro kwa 1925. Zimene zinayankhulidwa m'chipindamo timazimva makamaka kuchokera kwa Cardijn, yemwe anazisimba kambirimbiri kwa zaka zoposa 40, ndipo nkhani yosimbidwa mobwerezabwereza chotere imasalala. Pali ngakhale nthano yakuti anangotulukira kwa Papa atasochera m'makonde a ku Vatican, imene ofufuza ena saikhulupirira. Chimene chili ndi umboni ndi zotsatira zake: gululo silinatsekedwe, linachita msonkhano wake woyamba wa dziko lonse ku Brussels chaka chomwecho, ndipo mu 1931 Papa yemweyo analemba m'kalata yake ya Quadragesimo Anno kuti atumwi oyamba a anthu apantchito ayenera kukhala apantchito anzawo.

Kufunika kwa 1925 pa nkhani ya sukulu kuli pa kagawidwe ka udindo. Cardijn ankaumirira kuti gululo likhale la achinyamata, loyendetsedwa ndi iwo eni, pakati pa anzawo. Wapampando, mlembi ndi msungichuma anali achinyamata, ndipo wansembe anali mlangizi wauzimu amene ntchito yake inali kuphunzitsa ndi kumvetsera, osati kulamula msonkhano. Njira yawo inali ya magawo atatu: kuona zimene zikuchitikadi, kuziunika ndi mawu a Mulungu, kenako kuchitapo kanthu, ndipo pa msonkhano wotsatira aliyense ankafotokoza ngati anachita zimene analonjeza. Apa pemphero ndi ntchito zachifundo zinalumikizana mwa njira yatsopano, chifukwa lonjezo silinkachokera m'buku la malamulo koma m'zimene achinyamatawo aona ndi maso awo sabata imeneyo. Papa John XXIII anaivomereza njirayi m'kalata yake ya Mater et Magistra mu 1961. Tonnet ndi Garcet sanafike nawo pamenepo, popeza onse awiri anafera m'ndende ya chipani cha Nazi ku Dachau mu 1945.

Ophunzira anaitenga njirayi msanga. Ku France gulu la ophunzira achikhristu la Jeunesse Étudiante Chrétienne, JEC, limene m'mayiko oyankhula Chingerezi limadziwika kuti YCS, linakhazikitsidwa mu 1929, ndipo mu 1946 magulu a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kukhala ndi likulu limodzi pa msonkhano wa ku Fribourg, m'dziko la Switzerland. Koma kuuza wophunzira kuti aone zoona zake za malo amene ali kuli ndi zotsatira zake, chifukwa malo amene wophunzira amawadziwa bwino ndi sukulu yake yomweyo, pamodzi ndi malipiro ake, zilango zake ndi ana amene amalephera kulowamo. Ku France atsogoleri a JEC anakangana ndi maepiskopi m'zaka za nkhondo ya ku Algeria, ndipo mu 1965 Arkiepiskopi Pierre Veuillot anawapatsa mafunso oti ayankhe poyera ngati cholinga choyamba cha gulu lawo chinali kulalika Uthenga Wabwino pansi pa ulamuliro wa maepiskopi kapena kulowerera nkhani zosintha maphunziro ndi dziko. Ambiri mwa atsogoleriwo anatula pansi maudindo. Maepiskopi anali ndi mfundo yawo, yakuti gulu lonyamula dzina la Mpingo silingayankhule za ndale ngati kuti ndi Mpingo wonse ukuyankhula. Koma n'kovuta kusaona kuti patangopita miyezi yochepa, mu Novembala chaka chomwecho, Msonkhano wa ku Vatican unalemba m'chikalata cha Apostolicam Actuositatem kuti achinyamata ayenera kukhala atumwi oyamba a achinyamata anzawo, ndipo Cardijn anali atakwezedwa kukhala kadinala mu Febuluwale. Ku Brazil zinathanso chimodzimodzi: asilikali atalanda boma mu 1964 atsogoleri ena a ophunzira achikatolika anamangidwa, ndipo pofika 1966 magulu awo anali atasiyana ndi maepiskopi. Maepiskopi a ku France anasiya okha mu 1975 dongosolo lawo lopatsa magulu chilolezo choyankhula m'dzina lawo.

Maola olembedwa a ntchito zachifundo anabwera kudzera njira ina. Pa 31 Julayi 1973 ku Valencia, mkulu wa Ajezuwiti padziko lonse, Pedro Arrupe, anauza anthu amene anaphunzira m'sukulu za chipani chake kuti sukuluzo sizinawaphunzitse chilungamo mokwanira, ndipo cholinga cha maphunziro chiyenera kukhala kuumba anthu okhalira moyo anzawo. Ena mwa omvera, amene ambiri anali ochita bwino, anakhumudwa nazo. M'zaka zotsatira sukulu zambiri za Katolika zinaika ntchito zachifundo m'ndondomeko ya maphunziro, ndipo chinthu chikalowa m'ndondomeko chimafuna kuwerengedwa, kusainidwa ndi kusungidwa m'kaundula. Si Akatolika okha amene anatenga njirayi, chifukwa mu 1992 dera la Maryland ku United States linalamula kuti ophunzira a m'sukulu za boma azikwanitsa maola 75 otumikira anthu asanalandire satifiketi. Oteteza dongosololi amanena zoona akamati ana ena amene anapita mokakamizidwa anabwerako atasintha. Chimene chimatayika kawirikawiri ndi magawo awiri oyamba a njira ya Cardijn, popeza malo okatumikirako amasankhidwa ndi ofesi ya sukulu, ndipo wophunzira amafika pa kuchita asanaone kapena kuunika kanthu.

Pa nkhani ya mapemphero palinso funso limene Leunis ndi Don Bosco sanakumane nalo kwenikweni. Sukulu zambiri za Katolika lero zili ndi ophunzira a mipingo ina ndi zipembedzo zina, ndipo Msonkhano wa ku Vatican womwewo unanena m'chikalata cha Dignitatis Humanae kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro. Malamulo a Mpingo amapatsa episkopi udindo woyang'anira sukulu za Katolika za m'dayosizi yake, motero palibe sukulu imene ingasiye zonse m'manja mwa ana. Papa Francis, m'kalata ya Christus Vivit ya mu 2019, analemba kuti achinyamata ndiwo eni ntchito ya utumwi wa achinyamata, oyenera kuthandizidwa ndi kulangizidwa koma osiyiridwa ufulu wopeza njira zatsopano. Kalatayo sinatchule malire a ufuluwo, ndipo sukulu iliyonse imadziikira yokha: kwina komiti ya ophunzira imasankha mutu wa mbindikiro, imasunga ndalama za gulu ndi kuganiza kumene ikatumikire, pamene kwina imapatsidwa ndandanda ya mayina a owerenga mawu pa Misa ya Lachisanu.