Mwana akapsa mtima m'kalasi, musayambe ndi "wachitiranji?"

Zaka zonse zomwe ndagwira ntchito ndi ana ang'onoang'ono, funso lomwe ndaona kuti limangotitayitsa nthawi ndi loti "wachitiranji zimenezi?" Tangoganizani kamwana ka zaka 5, mnzake wakalanda kirayoni wofiira, iko kaponya buku uko, kalowa pansi pa desiki, misozi ndi mamina zili chuchuchu, inu mwaima chilili kudikira yankho. Sikangayankhe, ndipo si mwano ayi.

Nkhani ili mu ubongo. Mbali yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, yomwe imatithandiza kudziletsa ndi kuganiza kaye, imakhwima mochedwa zedi, mpaka munthu atafika zaka 25 kapena chapompo, ndiye wa zaka 5 mumuyembekezera chani? Pomwe kachigawo kena kotchedwa amygdala, kamene kamaliza belu la ngozi, kamayamba ntchito mwana adakali khanda. Belu lija likalira mtima umagunda kwambiri, mpweya umabanika, zonse zomwe mukunena zimangolowa khutu ili kutulukira linalo.

Ndiye gwadani kaye maso anu alingane ndi ake, tsitsani mawu, mumuuze zomwe mukuona: "Wakwiya eti? Wakulanda kirayoni usanamalize kujambula." Basi, musaonjezere ulaliki. Mu 2007 katswiri wa za ubongo Matthew Lieberman ndi anzake ku yunivesite ya UCLA ku America anaunika ubongo wa anthu akuluakulu ndi makina, anapeza kuti munthu akaona nkhope yokwiya kapena yamantha pa chithunzi n'kutchula dzina la zomwe akuonazo, amygdala ija imachepa moto. Ine ndimaziona ndi maso, mapewa a mwana amagwa pang'onopang'ono akangomva kuti wina wamumvetsa.

Njira zopumira zokhazika mtima pansi, monga kuuza mwana kuti "nunkhiza duwa, uzime kandulo", muziphunzitsa m'mawa ana ali phee, kumangosewera nazo, osati mwana ali pakati pa kulira, pamenepo sangaphunzire chatsopano. Akakhazikika mtima ndiye mukambe malire: kukwiya sikolakwa, koma kuponya buku kapena kumenya mnzako ayi, ndipo buku lija akatole yekha.

Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri si waphokosoyo. Ndi uja wachete, wongoti "m'mimba mukundipweteka" Lolemba lililonse akangofika pageti, ife n'kumamutama kuti ndi wofatsa. Nthawi zambiri ndi nkhawa imeneyo, thupi likulankhula poti mawu alibe. Makolo, mukamutenga masana musangofunsa kuti "wakhoza zingati?", mufunseni anasewera ndi ndani pa nthawi ya buleki, ndipo akati palibe, musafulumire kusintha nkhani.