Masiku 28 oyamba: pamene zolinga za 2030 zikudikira namwino wa kumudzi

Pa sikelo ya kumudzi, ija timachitira pansi pa mtengo kapena m'kalasi ana asukulu akaweruka, sindinamvepo mayi akufunsa za zolinga za chitukuko za bungwe la United Nations. Amafunsa chifukwa chake mwana sakukwera sikelo, kapena ngati jakisoni wolera wabwera mwezi uno. Komatu zimene timalemba m'kaundula tsiku limenelo zimapita kuchipatala chaching'ono, n'kukwera kuboma, n'kukafika ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe, mpaka zimakasanduka manambala amene akuluakulu amakambirana ku Geneva ndi ku New York. Ine ndine namwino woona za umoyo wa m'madera, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni kumene manambala amenewa amachokera, ndi nambala imodzi imene yakanika kutsika monga zatsikira zinzake.

Nkhaniyi inayambira patali. Mu September 1978 mayiko anasonkhana mumzinda wa Alma-Ata, umene lero ndi Almaty ku Kazakhstan, n'kugwirizana kuti thandizo loyamba la zaumoyo lizipezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala, ndi kuti pofika chaka cha 2000 munthu aliyense akhale atafikiridwa. Chaka cha 2000 chinakwana lonjezo lisanakwane. M'chaka chomwecho atsogoleri a mayiko anapangana zolinga zina zisanu ndi zitatu, zotchedwa ma MDG, zoti zikwaniritsidwe pofika 2015. Zitatha zimenezo, mu September 2015, mayiko 193 anavomereza zolinga 17 zimene tili nazo lero, ma SDG, zothera mu 2030. Cholinga chachitatu ndicho cha zaumoyo, ndipo chili ndi manambala ake: amayi omwalira pa zifukwa za uchembere asafike 70 pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu asapitirire 25 pa 1,000, makanda omwalira m'masiku 28 oyamba asapitirire 12 pa 1,000.

Ena amati zonsezi n'zongolemba pamapepala, zodyerapo maalawansi kunyanja. Ndimawamvetsa, misonkhano ina ndinakhalapo ndipo ndinaona. Koma mbiri yathu yomwe imawatsutsa pang'ono. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa mu 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi pa anayi aliwonse. Agogo athu popatsa ana mayina onga Maliro, Manda kapena Nditani sankachita nthabwala. Mu 2000 nambala ija inali 189, mu 2010 inali 112, ndipo kafukufuku wa 2015-16 anapeza 63. Malawi anali m'gulu la mayiko ochepa a mu Africa muno amene anakwaniritsa cholinga chachinayi cha ma MDG, chochepetsa imfa za ana ndi magawo awiri mwa atatu.

Chinatsitsa imfa zimenezi si makina odula a m'zipatala zazikulu. Ndi katemera wa chikuku ndi wa matenda ena, masikito, Thanzi ORS ndi zinc mwana akatsegula m'mimba, mankhwala a malungo a LA amene anayamba kuperekedwa mu 2007, chiponde kwa ana onyentchera, ndi ndondomeko ya Option B+ imene Malawi anayambitsa mu 2011, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse. Mayiko ena anadzatengera kwa ife. Zinthu zonsezi n'zotchipa, koma zimagwira ntchito pokhapokha wina atazinyamula kukazifikitsa kumudzi. Amene anazinyamula kwambiri ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA, amene ntchito yawo inayambira pa kutemera nthomba ndi kulimbana ndi kolera kalekale. Kuyambira cha mu 2008 ambiri a iwo anatsegula tizipatala ta m'mudzi m'madera ovuta kufikako, momwe amayeza malungo, kuwerenga mapumidwe a mwana pofufuza chibayo, ndi kupereka mankhwala pompo.

Tsopano taonani nambala inayo. M'kafukufuku wa 2004, makanda omwalira m'masiku 28 oyamba anali 27 pa 1,000. Mu 2010 anali 31. Mu 2015-16 anabwereranso pa 27. Zaka zoposa khumi, imfa za ana okulirapo zikutsika ngati madzi a pamtsetse, za makanda zinangoima pamodzimodzi. Pa ana 63 aja, 27 anali makanda osakwana mwezi. Cholinga cha 2030 chikuti 12.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva mukadziwa chimene chimapha khanda. Mwana wa zaka ziwiri amafa ndi malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, matenda amene munthu wophunzitsidwa kwa masabata khumi ndi awiri angathe kuwazindikira ndi kuwachiza potsata tchati. Khanda limafa chifukwa chobadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kapena tizilombo tolowa m'magazi, nthawi zambiri kudzera pamchombo. Izi zimafuna diso la mzamba wophunzira. N'chifukwa chake malamulo a tizipatala ta m'mudzi amati mlangizi azichiza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, ntchito yake ndi kulitumiza kuchipatala msanga. Lamuloli n'labwino ndipo sindikulitsutsa. Koma likutanthauza kuti pa nthawi imene mwana ali pachiswe kwambiri m'moyo wake wonse, thandizo lapafupi limene linapulumutsa akulu ake silimufikira mokwanira.

Apa m'pamene pali malo a namwino wa kumudzi. Anthu ambiri amatisokoneza ndi alangizi a zaumoyo, poti tonse timaoneka pa sikelo. Kusiyana kwake n'kwakuti namwino amaphunzira zaka zitatu kapena zinayi za unamwino ndi uzamba, amalembetsedwa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba, ndipo ena amawonjezera maphunziro a umoyo wa m'madera. Namwino wa m'wodi wodwala wake ndi amene wagona pabedi. Wa kumudzi wodwala wake ndi dera lonse, kuphatikizapo amene sanabwere. Ndikatsegula kaundula wa katemera, chimene ndimafuna kwenikweni si mayina amene alembedwa, koma mipata: mwana amene analandira katemera wa pa masabata asanu ndi limodzi koma wa pa masabata khumi sanaoneke, ali kuti? Mayi amene anayamba sikelo ya oyembekezera mu Meyi ndipo masiku ake akwana, anachilira kuti? Mafunso amenewa ndimawapereka kwa mlangizi wa m'mudzimo, ndipo povuta timapita limodzi.

Tiyerekeze khanda la masiku atatu. Mayi anachilira kuchipatala, monga amachitira ambiri masiku ano (mu 2015-16 ana 91 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala, pomwe mu 1992 anali 55), koma poti mabedi ndi ochepa, anatulutsidwa mawa lake. Tsopano ali m'chikuta, ndipo mwambo sulola kuti mwana atuluke mchombo usanagwe. Mwambowu uli ndi nzeru yake, umateteza khanda ku mphepo ndi ku chimfine cha alendo, ndipo ine sindipita kukaunyoza. Vuto n'lakuti m'nyumba yamdima ija khanda likhoza kudwala popanda wozindikira, chifukwa khanda silidwala mwaphokoso. Limangosiya kuyamwa, n'kumagona kwambiri, azakhali n'kumati mwana uyu ngofatsa.

Namwino akalowa m'nyumbamo amachita zinthu zooneka zazing'ono. Amavundukula mwana n'kuwerenga mapumidwe kwa mphindi yathunthu. Akafika 60 kapena kupitirira, amawerenganso, ndipo zikabwereza ndiye kuti pali vuto. Amayeza kutentha kwa thupi, podziwa kuti kwa khanda kuzizira n'koopsa chimodzimodzi ndi kutentha. Amayang'ana mchombo ngati wafiira, ukununkha kapena ukutuluka mafinya, n'kufunsa mwaulemu chimene chapakidwapo, poti phulusa, mwaye ndi zitsamba zikadalipo m'midzi yathu. Amatulutsira mwana powala kuti aone chikasu m'maso ndi m'mapazi. Amakhala pansi kuonerera mwana akuyamwa, chifukwa mayi wachisamba angakuuzeni kuti akuyamwa bwino pomwe mwana akungogwira nsonga ya bere. Ngati mwana anabadwa wochepa thupi, amaphunzitsa banja lonse, abambo ndi agogo omwe, kumuika pachifuwa khungu kukhudza khungu, njira ija ya kangaroo imene kuno kwathu inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Akatha mwana amatembenukira kwa mayi, amene nthawi zambiri aliyense wamuiwala chifukwa maso onse ali pa mlendo. Magazi akutuluka ochuluka bwanji, akununkha kodi? Mutu ukupweteka, maso akuchita chidima? BP ikafika 140 pa 90 mayi atangochira kumene, sitinena kuti watopa chabe. Akhoza kuyamba kukomoka. Kafukufuku yemwe uja wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 okha pa 100 ndi amene anapimidwa m'masiku awiri oyamba atachira. Anapezanso kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Ndi kutsika kwakukulu poyerekeza ndi 984 ya mu 2004, koma kuchoka pa 439 ya nthawi imeneyo kukafika pa 70 unali ulendo wautali.

Pali gawo lina la ntchitoyi limene silioneka m'malipoti, la kukhala pabwalo ndi mafumu. M'mabanja ambiri woganiza zoti mayi kapena khanda apite kuchipatala si mayiyo. Ndi apongozi, amalume kapena bambo amene ali ku Joni ndipo foni yake sikupezeka. Ophunzira za uchembere amati amayi amafa ndi kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Kuchedwa koyamba kuja sikuthetsedwa ndi mankhwala. Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inadziwika dziko lonse chifukwa chotenga uchembere wabwino ngati nkhani ya mafumu, osati ya amayi okha. Komabe ndinene maganizo anga: chindapusa cha mbuzi kwa mayi wochilira pakhomo chili ndi mbali yake yoipa. Ndaonapo mabanja akubisa khanda lodwala poopa kulipitsidwa. Namwino wodziwa dera lake amakambirana ndi amfumu kuti lamulo likhale lokokera anthu kuchidikiro nthawi ikadalipo, osati lowathawitsa zinthu zikavuta.

Nanga ngati ntchitoyi ili yofunika chotere, bwanji ambiri a inu simunaonepo namwino pakhomo panu? Yankho lake ndi mzere wa pachipatala chaching'ono. Pamene pali anamwino awiri, mmodzi wagwira usiku, winayo ayenera kuona oyembekezera, kubereketsa, kupereka njira zolera, kuthandiza a ma ARV, ndiponso odwala shuga ndi BP amene akuchulukirachulukira. Munthu sungasiye mayi ali pa matenda n'kukwera njinga kupita kumudzi kukafufuza khanda limene mwina lili bwinobwino. Choncho namwino wophunzira za kumudzi amamezedwa ndi wodi. Tsiku limene wapeza mpata, njinga yamoto ilibe mafuta, kapena mlatho unapita ndi madzi. Ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022 inalemba bwino za gulu logwirira ntchito limodzi, la namwino wa kumudzi, azamba othandizira a m'madera, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'midzi. Pepala lilipo; chosowa ndi anthu olembedwa ntchito ndi mafuta.

Mtengo wa kusowa kumeneku tinauona pa kolera imene inayamba ku Machinga mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Kolera imagonjetsedwa pamjigo, pachimbudzi ndi pa mpondagiya, msasa wa odwala usanamangidwe. M'chaka chomwecho, mu February, kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo amene anayenda khomo ndi khomo ndi timadontho ta katemera anali omwewa a kumudzi.

Za ndalama sindikhalitsapo. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ndi ochepa amene amakwanitsa. Gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo m'Malawi lakhala likuchokera kunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025, ntchito zoyendera anthu m'midzi zinali m'gulu la zoyamba kugwedezeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malipiro a namwino wa kumudzi ndi mafuta a njinga yake sayenera kukhala fodya wapachala.

Pakadali pano, inu amene muli ndi khanda m'nyumba kapena kwa aneba, musadikire kuti tibwere, chifukwa mwina sitifika. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwe mayi watuluka kuchipatala. Mwana asasambitsidwe tsiku loyamba, mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe, pamchombo pasapakidwe kanthu kupatula mankhwala amene apereka kuchipatala. Ndipo khanda likasiya kuyamwa, likamapuma mothamanga, likazizira kapena kutentha, likachita chikasu kapena kugwedezeka, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya mchombo sunagwe. Musaiwale buku la kuchipatala la mayi, chifukwa zimene zinalembedwamo pa tsiku lochira ndi zimene namwino adzayambe kuwerenga mukafika.