Samuel Seabury, bishopu amene analephera kudzozedwa kwa mfumu yake yomwe

Pophunzitsa mbiri ya mpingo wa Anglican pali kanthu kamene ophunzira samakakhulupirira msanga, koti bishopu woyamba wa mpingowu ku America anali munthu amene sankafuna nkomwe kuti America ipeze ufulu. Samuel Seabury anabadwa mu 1729 ku Connecticut, ndipo zinthu zitafika povuta mu 1774 anayamba kulemba timabuku todzudzula anthu ofuna kugalukira mfumu George III ya ku Britain, akudzitchula kuti ndi mlimi wa ku Westchester. Amene anamuyankha anali kamnyamata ka pakoleji, Alexander Hamilton, yemwe pambuyo pake anadzakhala nduna yoyamba ya zachuma ku America. Mu November 1775 anthu ofuna ufulu aja anamugwira Seabury nkukamutsekera ku New Haven kwa masabata angapo, kenako anathawira ku New York komwe anakhala wansembe wa asilikali a mfumu.

Nkhondo itatha mu 1783 anzake ambirimbiri anakwera sitima ulendo wa ku Nova Scotia ndi ku England, iye sanasamuke. Mpingo unali pamoto, America yonse inalibe bishopu ngakhale mmodzi moti kale wofuna unsembe ankachita kuwoloka nyanja kukadzozedwa ku London, ndiye ansembe 10 anakumana ku Woodbury ku Connecticut nkusankha Seabury kuti apite akadzozedwe ubishopu.

Apa ndipomwe pakukoma nkhani. Lamulo la ku England linkati aliyense wodzozedwa alumbire kuti adzakhala wokhulupirika kwa mfumu, koma Seabury tsopano ndi nzika ya dziko lina, akalumbira kwawo amulandira ndani? Munthu woti anamangidwapo chifukwa cha mfumu yomweyo anakhala chaka chathunthu ku London akungouzidwa kuti dikirani. Atatopa analowera ku Scotland kwa mabishopu amene iwowo sankalumbira kwa George chifukwa mtima wawo unali kwa banja la Stuart lomwe linachotsedwa pampando mu 1688. Pa 14 November 1784 ku Aberdeen mabishopu atatu anamusanjika manja, iye nkulonjeza kuti akayesetsa kulowetsa pemphero lawo la mgonero ku America, ndipo linalowadi mbuku la mapemphero la 1789.

Nyumba ya malamulo ku London inasintha lamulo lija mu 1786, chaka chotsatira William White ndi Samuel Provoost anadzozedwa ku Lambeth mumzinda wa London opanda lumbirolo. Provoost anali wa mbali ya ufulu ndipo sankamufuna nkomwe Seabury, koma mu 1789 mpingo unavomereza kuti ubishopu wa Seabury ndi weniweni.

Kwa ine mkuluyu sanasinthe maganizo ayi, chimene ankachiikira kumbuyo kuyambira pachiyambi ndi dongosolo la mpingo wokhala ndi mabishopu, mfumu itachoka anakalifuna kwina. Penshoni ya usilikali yochokera ku Britain ndiye sanaikane, ankalandirabe mpaka pomwe anamwalira ku New London mu 1796.