Mphoto ya mapaundi 20,000 imene inakanika kutuluka

Usiku wina mu Okutobala 1707 sitima zinayi zankhondo za ku Britain zinagunda matanthwe pafupi ndi zilumba za Scilly, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo amalinyero oposa 1,400 anamira pamodzi ndi mkulu wawo, Sir Cloudesley Shovell. Anali atatsala pang'ono kufika kwawo, koma sankadziwa bwinobwino pamene ali.

Kudziwa ngati uli kumpoto kapena kumwera sikunkavuta kwenikweni, umangoyeza pamene dzuwa lafika masana. Mutu unali pa kum'mawa ndi kumadzulo, zimene amati longitude. Nzeru yake inkadziwika kale: dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, ndiye ukadziwa nthawi ya pamene uli ndi nthawi ya kumene wachokera, kusiyana kwake kukuuza mtunda. Ku Lilongwe dzuwa limafika paliwombo maola awiri ndi mphindi pafupifupi 15 lisanatero ku Greenwich, malo a ku London amene amayambira kuwerengera madigiriwa, n'chifukwa chake tikuti mzindawu uli madigiri pafupifupi 34 kum'mawa. Koma wotchi yosunga nthawi ya kwanu pa sitima yogwedezeka, m'chinyontho, lero kukutentha mawa kukuzizira, kunalibe.

Mafumu anali atayamba kale kulonjeza ndalama. Philip III wa ku Spain analengeza mphoto mu 1598, ndipo Galileo anayesa mwayi wake ndi njira yoyang'ana miyezi yozungulira pulaneti la Jupiter, yomwe inkatheka pamtunda koma panyanja ayi. Mu 1714 Nyumba ya Malamulo ku London inakhazikitsa lamulo lakuti wopeza njira yophonya ndi digiri imodzi yokha pa ulendo wa ku West Indies alandira mapaundi 10,000, ndipo wophonya ndi theka la digiri alandira 20,000. Inasankhanso akuluakulu oweruza, bungwe limene linadzatchedwa Board of Longitude.

Ndalama yotere inakoka anthu a mitundumitundu. William Whiston ndi Humphry Ditton, amene anakakamiza kuti lamuloli likhalepo, ankafuna kuti sitima zizikikidwe m'malo odziwika m'nyanja monse, ziziwombera mizinga m'mwamba pa nthawi yoikika kuti odutsa aziona kuwala ndi kumva kulira kwake. Za mmene nangula angagwirire pansi pa Atlantic, kapena amene angavomere kukhala pamenepo chaka chonse, sanaziganizire mokwanira.

John Harrison anali kalipentala wa ku Barrow upon Humber, wobadwa mu 1693, amene anadziphunzitsa yekha kupanga mawotchi. Oyamba ake anali a matabwa, ndipo m'malo okhulana ankaikamo mtengo wotulutsa mafuta wokha kuti asamathire girisi. Wotchi yake yoyamba ya panyanja, imene lero amaitcha H1, inatha mu 1735, yolemera makilogalamu 34. Chaka chotsatira anapita nayo ku Lisbon, ndipo pobwerera anatsutsa woyendetsa sitima kuti mtunda umene akuona pa gombe la kumwera kwa England si Start Point koma Lizard, mamailosi pafupifupi 60 kumadzulo. Analondola ndi kalipentala. Bungwe lija linamulonjeza mapaundi 500 kuti apitirize.

Apa Harrison anadzichedwetsa yekha. Wotchi yachitatu anakhala nayo zaka 19, akuimasula ndi kuimanganso, mpaka anaisiya n'kupanga H4, kawotchi ka masentimita 13 m'mimba mwake, kotha mu 1759. Iye anali atakalamba, choncho mwana wake William ndi amene anapita nako ku Jamaica pa sitima ya Deptford kumapeto kwa 1761. Atawerengera mmene kamatsalira tsiku lililonse, anapeza kuti kaphonya ndi masekondi 5 okha. Bungwe linati katsalidwe kameneko sanagwirizane ulendo usanayambe, mwina wangochita mwayi, ayesenso. Mu 1764 anapita ku Barbados ndipo kanaphonya ndi masekondi 39, mamailosi pafupifupi 10, pamene lamulo linkalola mamailosi 30, lomwe ndi theka la digiri lija.

Mkangano weniweni unayambira pamenepa. Wokayeza malo ku Barbados anali Nevil Maskelyne, katswiri wa zakuthambo amene ankalimbikitsa njira ina, yoyeza mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi. Mu 1765 anakhala Astronomer Royal, katswiri wa zakuthambo wa mfumu, udindo umene unamulowetsa m'bungwe loweruza lomwelo. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa: Harrison alandire theka akaulula mmene wotchi imagwirira ntchito ndi kuipereka, theka linalo zikapangidwa zina zofanana nayo. Nkhalamba ya zaka 72 inakhala masiku angapo ikumasula H4 chidutswachidutswa pamaso pa akatswiri, kenako Maskelyne anabwera kudzanyamulanso zitatu zoyamba zija.

Ambiri pofotokoza nkhaniyi amamusandutsa Maskelyne mfiti. Ine ndimaona kuti bungwe linali ndi mfundo. Lamulo linkafuna njira yotheka ndi yothandiza panyanja, ndipo wotchi imodzi imene munthu mmodzi yekha angaipange siingapulumutse sitima mazanamazana. Larcum Kendall atapanga yofanana nayo analipiritsa mapaundi 450, pamene buku la Nautical Almanac, la matebulo a njira ya mwezi ija, limene Maskelyne anayamba ndi chaka cha 1767, linkagulidwa ndi mashileni ochepa. Koma kusintha malamulo munthu atapambana kale, komanso kulola wopikisana naye kukhala woweruza, kumeneko kunalibe chilungamo. Ena analandira zawo popanda phokoso: mkazi wamasiye wa Tobias Mayer, katswiri wa zakuthambo, mapaundi 3,000 chifukwa cha matebulo a mwezi a mwamuna wake, Leonhard Euler, katswiri wa masamu, 300.

Harrison anakadandaula kwa mfumu George III, amene anayesa yekha wotchi yachisanu ku Kew kwa milungu 10 mu 1772 n'kukhutira nayo. Mu 1773 Nyumba ya Malamulo, osati bungwe lija, inamupatsa mapaundi 8,750. Zonse pamodzi analandira zoposa 23,000, koma mphoto yeniyeni ya mu 1714 sinalengezedwe kuti yapita kwa iye kapena kwa wina aliyense. Anamwalira mu Malichi 1776, woyendetsa sitima wotchuka James Cook atabwerako kale ku ulendo wake wachiwiri akutamanda wotchi ya Kendall. Oyendetsa sitima anagwiritsabe ntchito njira zonse ziwiri kwa zaka zambiri, mwezi ukutsimikizira wotchi, ndipo bungwe lija linathetsedwa mu 1828.